Kuika kamera kumunda wakutali: yambirani pa netiweki ndi batire

Mbuzi zanga zisanu zinapita usiku umodzi wa mu Julayi, ine ndili mtulo ku Lilongwe, khola lili ku Dowa. M'mawa mlonda anandiimbira kuti sanamve kalikonse, ngakhale galu sanauwe. Sabata yomweyo, mtima udakali m'mwamba, ndinalowa m'sitolo ina m'tauni n'kugula kamera imene katoni yake inalonjeza kuti imaona kutali ndipo sifuna waya. Kumunda inagwira bwinobwino pakhonde la nyumba pomwe panali karauta ka intaneti. Titaipititsa kukhola, mamita 700 kuchokera panyumbapo, kuseri kwa mitengo ya mango, inangoti zii. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Komabe wolakwa sanali wogulitsa yekha, ine ndinayambira kumchira. Kamera imagulidwa pomaliza. Choyamba ndi kudziwa njira imene chithunzi chidzadutse kuti chifike pafoni yanu, kenako magetsi oyendetsa zipangizozo usana ndi usiku. Ndondomeko ili m'munsiyi ndi imene ndinatsata nditaluza kale ndalama.

Choyamba: "kutali" kulipo kuwiri

Wogulitsa akati kamera iyi ndi yakutali, mufunseni kuti akunena kutali kwake kuti. Pali mtunda umene diso la kamera limaona, palinso mtunda umene chithunzicho chimayenda mumlengalenga kukafika komwe kuli intaneti. Ziwirizi sizigwirizana. WiFi ya m'kamera wamba ndi yofanana ndi ya pafoni: pabwalo loyera imafika mamita makumi angapo, mwina 100 zinthu zikakoma, ndipo khoma la njerwa, malata kapena mtengo wa masamba ambiri zimaidula msanga. Kuti chithunzi chiyende kilomita imodzi kapena isanu, pamafunika chida china chapadera, kapena kamera yolowa SIM khadi yakeyake.

Chachiwiri: yendani munda wonse foni ili m'manja

Musanagule kanthu, pitani kumundako ndi ma SIM awiri, ya Airtel ndi ya TNM. Kaimeni penipeni pomwe mukufuna kuti kamera ikhale, kaya ndi pakhola, pachigafa, pampope wa kudimba kapena pachigayo. Onani chilembo chomwe chili pamwamba pa foni. Chikakhala 4G, chiyembekezo chilipo. Chikakhala H kapena E, makamera ambiri a SIM sakakuthandizani pamalopo.

Timizere ta netiweki timanama. Pafoni ya Android lowani mu Settings, About phone, kenako SIM status, mupeza nambala yotsatiridwa ndi zilembo dBm. Nambalayi imakhala ndi kamzere kochotsera kutsogolo, ndiye yocheperako ndiyo yabwino: -90 ndi netiweki yamphamvu, -105 ndi yokakamira, ikafika -115 musataye nthawi. Mukatero yesani liwiro ndi pulogalamu ya Speedtest, ndipo diso lanu likhale pa upload, chifukwa kamera imatumiza, silandira. Mukufuna 1 Mbps kapena 2 Mbps yosagwedera. Yesani m'mawa, mudzayesenso cha m'ma 7 kapena 8 koloko madzulo pamene mudzi wonse uli pa WhatsApp. Akuba sabwera masana, ndiye kuyesa kwa masana kokha n'kudzinamiza.

Kwerani pachulu kapena pamakwerero muyesenso. Mamita atatu okha okwera amatha kusintha E kukhala 4G. Ndipo funsani anthu a pamudzipo. Mudzi uliwonse uli ndi mtengo kapena chulu chake pomwe anthu amakaima akafuna kulandira ndalama pafoni, ndipo amadziwa kampani imene imagwira ndi imene imathawa magetsi akathima nthawi yaitali. Safunsa anadya phula.

Pomaliza jambulani kamapu papepala: nyumba, khola, njira zolowera, mitengo ikuluikulu, ndi malo amene 4G yapezeka. Mtunda mungauyeze pa Google Maps.

Chachitatu: sankhani njira ya chithunzi

Ngati 4G ilipo pamalo enieniwo ndipo mukufuna kuyang'anira malo amodzi kapena awiri, gulani kamera yolowa SIM, yokhala ndi batire ndi kasola kake, monga za mtundu wa Reolink Go kapena za Hikvision ndi Dahua zoyendera sola. Nkhani yatha msanga. Chenjezo limodzi: makamera opangidwira msika wa ku America amayendera mafunde osiyana ndi akuno. Ofunika ndi opangidwira ku Europe ndi ku Africa, amene amamva mafunde a 4G otchedwa Band 3 ya 1800 MHz. Wachibale ali ku Johannesburg kapena ku London akakutumizirani, nthawi zambiri zimayenda. Wa ku Texas muyambe mwamuuza aone pepala la kamerayo. Mukamagula kuno, tengani SIM yanu ailowetse m'sitolo momwemo, muone chithunzi pafoni yanu ndalama isanatuluke m'thumba.

Ngati pakhola palibe netiweki koma panyumba kapena pachitunda china ilipo, njira ndi yomwe ndinatsata ine: timawailesi tiwiri toyang'anizana, tomwe amisiri amati bridge. Kamodzi kamakhala komwe kuli intaneti, kena komwe kuli kamera, ndipo pakati pawo pamakhala ngati mwayala waya wosaoneka. Todziwika ndi Ubiquiti NanoStation ndi LiteBeam, komanso TP-Link CPE510 ndi CPE710, toyendera mafunde a 5 GHz. Pamtunda wosapitirira kilomita imodzi kapena iwiri, tating'ono tosakhala ndi mbale timakwanira. Kupitirira apo tengani tokhala ndi mbale monga LiteBeam kapena CPE710, timene timaponya mafunde mopyapyala ngati tochi yowala patali. Ubwino wa njirayi ndi wakuti chithunzi chochokera kukhola kufika kunyumba sichidya bandulo ngakhale pang'ono. Mungaike makamera anayi kukholako, onse n'kumajambulira m'kabokosi kosunga makanema kotchedwa NVR, kobisidwa m'nyumba. Bandulo imadyeka pokhapokha inu mukatsegula foni kutauni.

Ngati m'dera lonselo mulibe netiweki ya foni, yatsala ndi Starlink, intaneti yodzera pa setilaiti, yomwe inayamba kugwira ntchito m'Malawi mu 2023. Imagwira paliponse pomwe kumwamba kuli poyera, koma imadya magetsi ochuluka kuposa kamera ndi wailesi kuphatikiza, ndipo malipiro ake a pamwezi si a munda wa mbuzi khumi. Ndi ya esiteti, kapena ya alimi angapo oyandikana osonkherana, aliyense n'kukokera kwake ndi timawailesi tija.

Chachinayi: timawailesi tizionana maso ndi maso

Apa ndi pamene ntchito zambiri zimafera. Mafunde a 5 GHz sadutsa m'phiri, ndipo masamba a mitengo, makamaka onyowa, amawameza. Kawailesi kena kayenera kuona kanzake popanda chotchinga.

Kuyesa kwake sikufuna ndalama. Munthu mmodzi akwere pamwamba pa nyumba ndi galasi loonera nkhope, azithwanimitsa dzuwa kulozera kukhola. Wina aime kukholako pamakwerero. Usiku tochi yamphamvu imachita chimodzimodzi. Pamtunda wautali, pulogalamu ya Google Earth ya pakompyuta imaonetsa kukwera ndi kutsika kwa nthaka pakati pa malo awiri, ngakhale kuti mitengo siyiwerengera.

Kuonana kokha sikukwanira. Mafunde sayenda ngati ulusi. Amafufuma pakati ngati nkhaka, opyapyala kumapeto konse, onenepa pakatikati pa ulendo. Pa kilomita imodzi, kufufumako kumafika pafupifupi mamita 4 kuzungulira mzere wapakati, ndipo gawo lalikulu la malo amenewo liyenera kukhala loyera. Kunena mwachidule, mzere wanu udutse mamita osachepera 2.5 pamwamba pa nsonga ya mtengo wautali umene uli pakati. Pa makilomita awiri, mamita 3.5. Mukapereweza, intaneti imalumikizika ndithu koma chithunzi chimangoduka, ndipo mudzataya masabata mukuimba mlandu kamera yosalakwa.

Kumbukiraninso nyengo. Mukayesa mu Okutobala mitengo itayoyoka ndi minda ili mbee, pofika Febuluwale mudzapeza masamba atadzaza ndi chimanga chitapitirira msinkhu wa munthu. Bulugamu wa mnansi wanu amene lero ali m'chiuno, zaka ziwiri zikubwerazi adzakhala pamzere wanu. Onjezerani msinkhu wa mlongoti lero lomwe. Pakakhala chitunda pakati, muike timawailesi tina pamwamba pake tolandira n'kupatsira, koma dziwani kuti pamenepo pafunikanso sola, batire ndi chitetezo chake.

Chachisanu: werengerani magetsi, musaganizire

Kamera ya SIM yobwera ndi kasola kake imagona nthawi zambiri, imadzuka ikamva choyenda, ndiye magetsi ake ndi ochepa. Koma kamera yojambula osalekeza pamodzi ndi kawailesi kake ndi nkhani ina, ndipo masamu ake ndi awa.

Kamera imodzi, usiku nyali zake zoonera mumdima, zimene kuwala kwake sikuoneka ndi maso, zitayaka, pamodzi ndi kawailesi, zimadya mawati pafupifupi 12. Kuchulukitsa ndi maola 24, zikukwana 288, tingoti 300 Wh patsiku (Wh ndi mawati kuchulukitsa ndi maola). Batire la 12V 100Ah limasunga 1,200 Wh, koma la mtovu, kaya la madzi kaya la gel, mukamalitsitsa kupitirira theka limafa msanga. Choncho zanu ndi 600 Wh, omwe ndi masiku awiri opanda dzuwa. Batire la lithiamu la mtundu wa LiFePO4 limalola kugwiritsa ntchito pafupifupi zonse ndipo limakhala zaka zambiri, kungoti mtengo wake umaluma pogula. Batire la galimoto lisakunyengeni ndi kutchipa. Linapangidwira kuliza injini kamphindi, osati kutsika ndi kukwera tsiku ndi tsiku, ndipo miyezi yochepa lidzakhala litatha.

Sola iwerengereni pa nyengo yoipa, osati ya mu Okutobala. Mukatenga maola anayi a dzuwa lamphamvu patsiku n'kuchotsapo zotayika m'mawaya ndi m'batire, 300 Wh ikufuna sola yopitirira mawati 100. Gulani ya 150. Ngati munda uli ku Thyolo, ku Mulanje kapena malo ena a chiperoni, kumene mu Juni ndi Julayi dzuwa limabisala masiku angapo motsatizana, tengani ya 200 ndipo muonjezere batire. Kamera iliyonse yoonjezera, bwererani ku masamuwa.

Sola iyang'ane kumpoto, chifukwa kuno miyezi yambiri ya chaka dzuwa limadutsa mbali imeneyo, ndipo ipendekeke madigiri 15 kapena kuposerapo pang'ono kuti mvula izitsuka fumbi. Pakati pa sola ndi batire pakhale kontirola, yomwe imateteza batire kuti lisadzaze mopitirira muyezo, ya 20A imakwanira, ndipo pawaya wochokera kubatire muike fyuzi pafupi ndi batirelo. Polumikiza, yambani batire kukontirola, sola pambuyo.

Inveta isiyeni. Imadya magetsi ngakhale isakuchita kanthu, ndipo n'kupanda nzeru kukweza magetsi kufika 230V kuti muwatsitsenso kufika 12V. Makamera ambiri ali ndi polowera 12V mwachindunji. Timawailesi ta Ubiquiti ndi TP-Link tomwe ndatchula timafuna 24V yodzera m'waya wa netiweki, ndiye mugule kachida kokweza 12V kufika 24V kopangidwira ntchitoyi. Samalani apa: makamera a PoE, ndiko kuti olandira magetsi kudzera m'waya wa netiweki, amayendera 48V, ndipo PoE ya kamera ndi ya timawailesiti si imodzi. Mukasokoneza, mwina chida sichiyaka, mwina mumva kafungo ka pulasitiki wopsa. Werengani zolembedwa kumbuyo kwa chida chilichonse musanalowetse waya.

Chachisanu ndi chimodzi: tsopano sankhani kamera, ndi poiika

Dzifunseni chimene mukufuna kuona. Kudziwa kuti kwabwera munthu ndi kosavuta. Kuzindikira nkhope yake n'kovuta kwambiri kuposa momwe otsatsa malonda amanenera. Muyezo umene amisiri amatsata umati nkhope imazindikirika bwino ngati mita imodzi ya malo ikutenga timadontho 250 ta chithunzi. Kamera ya 2MP ili ndi timadontho 1,920 m'lifupi mwake, kutanthauza kuti imazindikiritsa nkhope pamalo osapitirira mamita 8 m'lifupi. Mukailozetsa kuti ione munda wonse, wakuba adzaoneka ngati nyerere yovala chipewa.

Ndiye musalondere munda, londerani pakhomo. Wakuba mbuzi ayenera kudzera pachitseko cha khola. Wakuba feteleza ayenera kufika pachitseko cha sitolo. Ngolo kapena galimoto iyenera kudutsa pageti kapena pamlatho. Lozetsani kamera pamenepo, pamtunda wa mamita asanu mpaka khumi. Diso la 2.8 mm limaona motambalala koma zinthu zimachepa. La 4 mm kapena 6 mm limaona mopanikiza koma limakokera nkhope pafupi, ndipo pageti ndilo labwino.

Msinkhu wake ukhale mamita 2.5 mpaka 3. Mukaikweza pansonga pa mlongoti poopa kuti aiba, muzidzaona zipewa ndi mapewa okhaokha. Sola ndi kawailesi ndizo zikwere pamwamba. Isayang'ane kum'mawa kapena kumadzulo, dzuwa lotuluka ndi lolowa limaichititsa khungu. Pakatoni payenera kulembedwa IP66 kapena IP67, ndiko kuti silowa fumbi ndi mvula.

Makamera ogona aja amadzutsidwa ndi kachida komva kutentha kwa thupi, kamene kamafika mamita pafupifupi khumi ndipo kamamva bwino munthu wodutsa chopingasa kusiyana ndi wobwera molunjika. Iikeni chammbali mwa njira. Imachedwanso kamphindi podzuka, moti munthu wothamanga mungangomuona msana. M'chilimwe, kunja kukatentha ngati thupi la munthu, imaphonya kawirikawiri. Pamalo pomwe pali katundu wa ndalama zambiri, ine ndimakonda yojambula osalekeza ngakhale imafuna batire lalikulu.

Ngati thumba likulola, ikani ziwiri: ina yoonekera yoopsezera, ina yobisika yoyang'ana yoyambayo.

Chachisanu ndi chiwiri: lumikizani zonse patebulo kunyumba

Musakaphunzirire zipangizo pamwamba pa makwerero dzuwa likuswa mtengo. Yalani zonse patebulo komwe kuli magetsi ndi intaneti. Kawailesi kamodzi mukaike kukhala kotumiza, Access Point, kena kolandira, Station kapena Client, ndipo pa timawailesi tonse tiwiri musankhe polembedwa Bridge. Sankhani dziko loyenera pamndandanda, chifukwa ndilo limaika malire a mafunde ndi mphamvu zololedwa. Kuno woyang'anira mafunde ndi MACRA, ndipo ngati mukukoka mtunda wautali kapena mukufuna kugulitsako intaneti kwa ena, yambani mwawafunsa. Chida chilichonse chipatseni nambala yake ya IP yosasintha, yomwe ndi adiresi yake panetiweki, muilembe ndi cholembera chosafufutika pachidacho komanso m'kope.

Sinthani mapasiwedi onse obwera ndi zipangizo. Kamera yosiyidwa ndi pasiwedi ya kufakitale aliyense wodziwa angathe kuitsegula, ndipo mmisiri amene anakuikirani asakhale yekha wodziwa pasiwedi. Akaunti ikhale pa imelo ndi nambala yanu. Konzani nthawi ndi tsiku zikhale za kuno, GMT+2, popeza chithunzi cholembedwa tsiku lolakwika chimavuta kuchiteteza pamlandu. Lowetsani memore khadi yolembedwa High Endurance, yogulidwa pamalo odalirika. Makadi otchipa a pamsika ambiri amalembedwa 128GB koma m'kati muli zochepa, ndipo mudzazindikira tsiku lomwe mukufuna umboni. Khadi yeniyeni ya 128GB imasunga masiku pafupifupi asanu ndi limodzi a kujambula kosalekeza pa 2 Mbps.

SIM ya m'kamera kapena m'rauta ikhale yolembetsedwa ndi chiphaso chanu, ichotseni PIN, ndipo muiyese kaye m'foni. Pomaliza zimitsani WiFi pafoni yanu, mutsegule kamera ndi data. Ikaoneka, zisiyeni zikuyaka pa batire ndi sola masiku awiri musanapite nazo kumunda.

Chachisanu ndi chitatu: kuzika mlongoti

Mtengo wa bulugamu ndi wotchipa, koma chiswe chimaudya, moto wolusa wa osaka mbewa umaupsereza, ndipo ukamauma umapindika n'kusuntha kawailesi. Paipi yachitsulo yokhuthala ndiyo yabwino, yozikidwa ndi simenti m'dzenje lakuya pafupifupi mita imodzi. Ikapitirira mamita sikisi, imangeni ndi mawaya atatu okokera pansi kuti mphepo ya mwera isaigwedeze. Lambulani udzu mamita angapo kuzungulira.

Kumbukirani kuti kwa wakuba, sola ndi batire n'zokoma kuposa mbuzi. Pitani kwa wowotcherera akupangireni bokosi lachitsulo la batire, loko wake wobisika m'kati mwa kachitsulo kuti sowo isamufike, lokhala ndi timabowo topumira totchingidwa ndi sefa. Sola ikhale m'felemu yowotcherera, osati yomanga ndi mabawuti oti munthu amasule ndi sipanala. Mawaya adutse m'kati mwa paipi.

Waya wa netiweki ukhale wapanja, wa kopa weniweni, ndipo usapitirire mamita 100. Usanalowe m'chida chilichonse, uyambe watsika pang'ono n'kukweranso, kuti madzi a mvula azidontha pansi m'malo molowa m'chida. Mabowo onse atsekeni ndi silikoni. Nyerere ndi mavu zimakonda kufunda kwa m'mabokosi amenewa.

Walira mvula walira matope: mlongoti wachitsulo pamtunda woyera umaitana mphenzi. Khomani ndodo ya kopa m'nthaka pafupi ndi mlongoti, muilumikize ndi waya wokhuthala kumlongotiwo, ndipo pawaya wa netiweki muike kachida koteteza ku mphenzi, makamaka mbali yolowa m'nyumba. Mphenzi ikamenya penipeni palibe chopulumuka, koma zambiri zimene zimapsereza zipangizo ndi zomenya chapafupi, ndipo zimenezo zimatetezeka. Kukayamba kuchita mdima wa mvula, tsikani pamakwerero.

Kulunjikitsa timawailesi kumafuna anthu awiri ndi mafoni. Wina asunthe pang'onopang'ono kumanja ndi kumanzere, kenako m'mwamba ndi pansi, mnzake akuwerenga nambala ya dBm. Mbali imodzi ikatha, muchite inayo. Pakati pa -50 ndi -65 ndi pabwino. Kuona maso a nkhono n'kudekha: mukasuntha, dikirani masekondi angapo nambala ikhazikike musanasunthenso. Mukamanga manati onaninso nambala, chifukwa kumangako kumasuntha mbale.

Chachisanu ndi chinayi: bandulo ndi mauthenga

Mwezi woyamba ndinkatsegula kamera pafupipafupi kungoonera mbuzi zikubzikula, ndipo bandulo inatha sabata isanathe. Chithunzi chabwino cha 2 Mbps chimadya pafupifupi 900MB pa ola, ndipo chimadya mbali zonse ziwiri, SIM ya kumunda ndi ya m'foni yanu. Poonera wamba sankhani chithunzi chopepuka, cholembedwa Fluent, SD kapena Sub-stream, chomwe chimadya mwina gawo limodzi mwa magawo anayi. Chithunzi chabwinocho chizisungidwa pakhadi kapena mu NVR, muzikoka kachidutswa kokha kamene mukufuna. Ngati pali posankha, ikani kafinyidwe ka kanema ka H.265, kamene kamadya bandulo yochepa, m'malo mwa H.264. Gulani bandulo ya pamwezi ndipo lembani tsiku lothera pakalendala. Mutha kuigulira SIM ya kumunda muli kutauni kudzera pa Airtel Money kapena Mpamba.

Mauthenga ochenjeza akachuluka amasanduka phokoso. Nthambi yogwedezeka, galu, ngakhale kadziwotche wodutsa pa diso, zonse zimaliza foni, ndipo pakatha masiku atatu mudzaitseka pakamwa, usiku womwewo akuba n'kubwera. Sankhani kamera yotha kusiyanitsa munthu ndi galimoto ku zinthu zina, jambulani malire a malo ofunika okha, ndipo muike maola: kuyambira madzulo ziweto zikalowa mpaka m'bandakucha.

Chakhumi: ndani adzathamange?

Kamera sigwira wakuba. Foni ikalira 2 koloko usiku inu muli mtunda wa maola awiri, chimene mungachite ndi kuimbira munthu. Konzani zimenezi kusanade: nambala ya mlonda, ya mnansi wodalirika, ya wapampando wa chitetezo cha m'mudzi, ndi ya polisi yapafupi. Wachibale wokhala kufupi mungamupatse mwayi woonera pafoni yake popanda kumupatsa mphamvu yosintha kapena kufufuta kanthu. Mlonda muuzeni kuti ntchito yake ndi kukuwa ndi kudzutsa anthu, osati kulimbana yekha ndi anthu a zikwanje.

Kaoneni a mfumu musanazike mlongoti, muwafotokozere chimene chikuonedwa ndi chimene sichikuonedwa. Chinthu chachilendo chokhala ndi diso lofiira usiku chimabala mphekesera, ndipo mphekesera zimabala miyala. Ogwira ntchito auzeni poyera kuti pali kamera. Isaloze pakhomo pa mnansi, kubafa, kuchimbudzi kapena pachitsime pomwe amayi amasamba ndi kuchapa. Malawi ili ndi lamulo loteteza mbiri za anthu, Data Protection Act ya 2024, ndipo chithunzi cha nkhope ya munthu si chinthu chongoseweretsa.

Mukajambula wakuba, musathamangire pa Facebook kapena m'magulu a WhatsApp. Chithunzi cha usiku chimafananitsa anthu, ndipo tonse tikudziwa zimene gulu lokwiya limachita ndi munthu amene lamuloza chala, wolakwa kapena wosalakwa. Chotsani khadi, muike ina, koperani kanemayo pakompyuta kapena pa fulashi osamudula kapena kumukonza, mupite naye kupolisi. Wotumizidwa pa WhatsApp amafinyidwa n'kutaya tsatanetsatane wa nkhope, ndiye khadi yoyambayo muisunge bwino.

Mukamapita kumunda

Tengani kansalu kofewa ndi botolo la madzi. Nyali za kamera zimakopa tizilombo usiku, tizilombo timakopa akangaude, ndipo ulusi umodzi wa kangaude pa diso umawala ngati chingwe choyera n'kuphimba chithunzi chonse. Pukutani diso, tsukani sola m'mawa isanatenthe, makamaka kuyambira Ogasiti mpaka mvula itagwa pamene fumbi ndi zitosi za mbalame zimaunjikana. Yang'anani nambala ya batire pakontirola m'bandakucha dzuwa lisanatuluke: batire la mtovu likamapezeka pansi pa 12V m'mawa uliwonse, mwina latopa kapena sola ikuchepa. Tsegulani bokosi muone ngati mwalowa nyerere, ndipo bwezani kanema wa dzulo kuti mutsimikize kuti khadi ikujambuladi. Mu Okutobala, mvula isanayambe, mangitsani manati, onani waya wa ndodo ya kopa ngati sunadyeke kapena kubedwa, ndipo sadzani nthambi zimene zayandikira mzere wa timawailesi.